Galimoto Yodzigwira Yokha Pamtsetse

9 Malichi

Amake ana,

Moni kwa inu ndi ana onse. Kodi chifuwa cha amayi chija chinaleka? Ine kuno ndili bwino, ndikudya, ndikugona. Pafoni paja tinangoti moni moni mayunitsi n'kutha, ndiye lero Lamulungu ndati ndikhale pansi ndilembe, dalaivala wa basi ya Lachiwiri adzakupatsireni.

Ndalama ndinatumiza pa 7. Ndi za matumba khumi ndi awiri a simenti, yotsalayo mugulire chitsiriza wathu yunifolomu, isakhale yothina. Muwauze a mmisiri kuti pakhonde ndikufuna masitepe atatu otambalala, ngati a nyumba ya kuno. Munthu polowa m'nyumba mwako uzikwera pang'ono, anthu adziwe kuti kunja kuno sitinabwerere kudzaona misewu.

Nkhani ya kuno ndi yakuti Adona, amene anandilemba ntchito yoyendetsa bambo awo aja, agulitsa galimoto ya dizilo, agula yamagetsi. Ilibe thanki, ilibe giya zosintha, ilibe fungo. Ukailiza siimveka, umangoona kagalasi ka kuseri kwa chiwongolero kayaka. Madzulo timailumikiza kukhoma ndi chingwe ngati foni. Wogulitsa anati tiziitchaja kufika pa 80 peresenti basi, osaidzadza. Chifukwa chake sananene, nanenso sindinafunse.

Tsiku loyamba ndinachita manyazi. Nyumbayi ili pamwamba pa chitunda, ndipo ukatuluka pageti msewu umatsetsereka mpaka pamphambano. Ine mwachizolowezi ndinachotsa phazi pamoto kuti galimoto izingotsetsereka, monga tinkachitira pa minibasi posunga mafuta. Koma iyi ukangochotsa phazi imadzigwira yokha, ngati wina waikoka kumbuyo. Achikulire, bambo a Adonawo, anagwadira kutsogolo, chipewa n'kugwera pamiyendo.

"Iwe wa minibasi," anatero, "waona pasenjala?"

"Sindinaponde mabuleki, achikulire."

"Ndiye waponda ndani? Agogo ako?"

Iwowa anayendetsa malole zaka makumi atatu asanadwale sitiroko, choncho amakhala kutsogolo, ndodo pakati pa miyendo, maso ali pamapazi anga. Galimotoyi saikonda. Akuti chinthu choyenda chosatsokomola n'chosadalirika.

Pamphambano paja pali mayi wina amagulitsa maluwa m'ndowa, amakhala pakampando chofulatira chitunda. Kale ankatimva tikubwera, n'kukweza dzanja osacheuka. Tsopano timangomudzidzimutsa. Dzana anati, "Achimwene, mwagula mzukwa? Muziimba nyimbo potsika, tizikumvani."

Musaiwale kufunditsa simenti, pansi muike matabwa.

Ndine wanu,
Bambo a ana

6 Epulo

Amake ana,

Kalata yanu ndinalandira pa 1. Ndasangalala kuti nonse muli bwino ndipo khoma lafika pamawindo. Ine ndilipo.

Mwafunsa ngati mzukwa uja ndauzolowera. Ndauzolowera, mwinanso ndayamba kuukonda, koma Achikulire asamve. Makaniko wa kugalaja anandifotokozera chimene chimachitika. Mukukumbuka njinga ya malemu bambo anu, ya dayinamo ija? Nyali ikayaka, tayala linkalemera. Ndi zomwezo. Ndikaponda moto, batire limazunguza matayala. Ndikachotsa phazi, matayala ndi amene amazunguza makina, magetsi n'kumabwerera m'batire, ndipo kulemera kwakeko ndi kumene kumagwira galimoto. Nyali za mabuleki kumbuyo zimayaka zokha kuti wotsatira adziwe. Pakagalasi pamaoneka kamzere kobiriwira. Ndikatuluka pageti imalemba kuti yatsala ndi makilomita 310, ndikafika pamphambano yalemba 312. Awiri aulere m'mawa uliwonse. Zaka zonse zija tinkangowotcha mabuleki pamtsetse, mphamvu n'kumathera m'fungo.

Palinso batani pachiwongolero, amalitcha kuruzi. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ndimawapereka Achikulire kuchipatala kukawongola ziwalo, ndipo timadzera msewu waukulu. Ndikafika pa liwiro la 100 ndimadina batanilo, n'kuchotsa phazi, galimoto imasunga liwiro yokha. Pachitunda imadziwonjezera moto. Pamtsetse siithawa, imadzigwira mwa njira ya dayinamo yomwe ija. Wakutsogolo akachepetsa, nayonso imachepetsa, n'kusiya mpata ngati munthu waulemu pamzere wa kubanki.

Chovuta ndi pochotsa. Tsiku lina ndinazimitsa kuruzi phazi lili pambali. Galimoto inaona kuti palibe woiponda, inadzigwira mwamphamvu, tonse tinawerama ngati tikupemphera. Achikulire anati, "Amen. Mwana iwe, mano ndatsala nawo asanu ndi limodzi, ndisiyire." Tsopano ndinaphunzira. Uyambe waika phazi pamoto pang'onopang'ono mpaka umve kuti wailandira, kenako uzimitse. Zili ngati kulandira mwana wogona kuchokera m'manja mwa mnzako.

Chabwino china n'chakuti mwendo umapuma. Panjira yonse ya kuchipatala phazi limangokhala. Pa usinkhu wathu uno zimenezi n'zothandiza.

Mwezi uno ndatumiza zochepera chifukwa ndagula nsapato. Zakale zija zinayamba kundithina, ndagula sayizi 9 m'malo mwa 8. Kaya ndikunenepa. Zinthu kuno zakwera, sopo amene ndinkagula awiri tsopano ndikugula mmodzi pa mtengo womwewo. Mafelemu a mawindo mugule achitsulo, a matabwa chiswe sichichedwa.

Moni kwa chisamba wathu, mumuuze kuti mayeso sakhoza ndi foni.

Ndine wanu,
Bambo a ana

11 Meyi

Amake ana,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli ndi moyo. Ine ndili bwino ndithu.

Mwandiseketsa ndi funso lanu lakuti munthu wa zaka 52 phazi limakula bwanji. Nsapato za masiku ano amasoka zazing'ono, basi. Musadandaule ndi zinthu zopanda pake, dandaulani za malata. Ndatumiza za malata makumi awiri ndi anayi, a mamita atatu. Muwerenge nokha potsitsa, osati a mmisiri awerengere okha.

Lachiwiri tinapita ndi galimoto kusevisi. Makaniko anachotsa tayala n'kundiitana. Zitsulo za mabuleki zinali ndi dzimbiri ngati khasu logonera kudimba.

"Bambo, mabuleki amenewa mumawaponda?"

Ndinaganiza, n'kupeza kuti kuchoka pageti, kukafika kuchipatala n'kubwerera, mwina ndimawaponda kawiri. Kwina konse ndimangochotsa phazi pamoto, galimoto n'kuima yokha pamaloboti. Makaniko anati si cholakwa, madalaivala ambiri a galimoto zimenezi amatero, koma nthawi zina ndiziwaponda ndithu kuti asaiwale ntchito.

Pobwerera tinadzera msewu wa kuseri kwa mafakitale, kunalibe munthu. Achikulire anati, "Wamva zimene wanena mnyamata uja? Ponda."

Ndinaponda. Galimoto inaima.

"Bwereza. Ndikamenya ndodo pansi, uponde."

Anamenya ndodo. Ndinaponda, koma phazi linafikira m'mphepete mwa chopondera, n'kuterereka pang'ono. Inaima, kungoti patsogolo pa pamene ndinkafuna. Achikulire sananditukwane, ndipo zimenezi ndi zimene zinandidabwitsa. Anangoyang'anitsitsa phazi langa.

"Ndi nsapato zatsopanozi, achikulire," ndinatero.

"Eya," anatero. "Nsapato. Inenso ndinkati ndi nsapato."

Tinabwerera kunyumba. Potsika anandigwira phewa monga amachitira masiku onse, koma tsiku limenelo anachedwa kulisiya. Kwa Adona sananene kanthu. Anangowauza kuti mzukwa wawo wachita dzimbiri chifukwa cha ulesi.

Kanthu kena koseketsa. Lachinayi madzulo povula nsapato yamanja ndinapezamo kamsomali kakang'ono. Kaya kanalowa nthawi yanji, mwina m'mawa kugalaja. Ndinayenda nako tsiku lonse. Sokosi inabowoka ndipo inada pang'ono, koma pachilonda ndatsuka ndi madzi a mchere, pauma. Musawauze amayi, mukudziwa mmene amakulitsira nkhani.

Mayi wa maluwa uja tsopano ndimamuimbira hutala kawiri ndikadali pamwamba. Akuti ndiye ulemu umenewo.

Ndine wanu,
Bambo a ana

15 Juni

Amake ana,

Moni nonse. Zithunzi za denga ndaziona pafoni. Ndinawaonetsa Achikulire, anati, "Wa minibasi wamanga nyumba, dziko latha." Koma anaziyang'ana kawiri, n'kufunsa kuti khomo layang'ana kuti.

Kuno kwazizira kwambiri. M'mawa mapazi amachita dzanzi mpaka dzuwa litakwera, lamanjali limachedwerapo. Ndi chisanu. Ndagula masokosi aubweya, mapeya awiri.

A mmisiri akuti masitepe afuna matumba ena atatu. Ndalama yake ndatumiza, koma muwauze adikire kaye. Ayambe ndi zitseko ndi magalasi, za pakhonde ndidzanena.

Lachitatu kunagwa mvula tsiku lonse. Pamsewu wonyowa kuruzi saigwiritsa ntchito, chifukwa matayala akaterereka makina sadziwa msanga ngati munthu. Ndiye njira yonse ndinayendetsa ndi phazi, kupita ndi kubwerera. Ndinali nditaiwala kuti msewu umene uja ndi wautali choncho. Titafika kuchipatala Achikulire anauza nesi kuti awatenge yekha, ine ndikhale pabenchi. Anati nkhope yanga ikuwachititsa manyazi.

Loweruka likudzali, pa 21, tili ndi ulendo. Achikulire akufuna kukaona manda a akazi awo, papita zaka zitatu asanapiteko. Ndi makilomita 330. Adona anati panjira pali malo otchajira, tikaime pamenepo theka la ola, timwe tiyi. Iwo atachoka, Achikulire anandikodola.

"Iwe, unayamba wanyamuka ulendo wautali ndi thanki yosadzadza?"

"Ayi, achikulire."

"Ine zaka makumi atatu sindinapemphepo dizilo panjira. Za 80 zakozo ndi za m'tauni. Lachisanu udzadze mpaka pakamwa."

Apa ndiye tinagwirizana koyamba chigulireni galimotoyi. Dalaivala weniweni sanyamuka ndi thanki ya theka. Ndapeza pamene amasinthira pakagalasi, Lachisanu ndiika pa 100. Tidzanyamuka m'mamawa.

Ndikabwerako ndidzakuuzani za njira. Akuti kuli mapiri, ndiye tikaona kuti mzukwa utibwezera makilomita angati.

Ndine wanu,
Bambo a ana

20 Julayi

Amake ana,

Pepani chifukwa cha chete. Makalata anu awiri ndinalandira, ndipo pafoni ndinkangoti zili bwino chifukwa ana anali pafupi. Ndili moyo, sindinavulale, palibe amene anavulala. Yambani mwamva zimenezo.

Kumanda kuja sitinafike. Sitinadutse n'komwe pamphambano.

Tinatuluka pageti kukuzizira, kagalasi katalemba 100. Panali timawu tina tachikasu pakona, ndinati ndiwerenga tikafika pamsewu waukulu. Pamtsetse ndinachotsa phazi monga mwa masiku onse. Galimoto sinadzigwire. Inangopita, phee, ngati mwala woponyedwa m'chitsime. Kamzere kobiriwira sikanabwere. Ndinadikira kuti mwina igwira, ndipo kudikirako kunali kulakwa, chifukwa liwiro linkakwera. Achikulire anakuwa kuti, "Mabuleki!"

Pansi apo mayi wa maluwa uja anali atawerama, akukonza ndowa zake, atatifulatira. Hutala ndinaiwala.

Ndinaima. Ndowa zitatu zinagwa, madzi ndi maluwa mbwee mumsewu, kampando kanalowa pansi pa bampala. Mayiyo anadumphira m'ngalande, anasupuka chigongono basi. Achikulire lamba anawagwira pachifuwa, anamva kuwawa sabata imodzi.

Mayi uja atadzuka anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Achimwene, nyimbo ija bwanji lero?" Kenako anakhala pansi m'madzi momwemo n'kuyamba kulira. Ndowa ndi maluwa ndinalipira ndekha tsiku lomwelo, ndicho chifukwa chake za mwezi uno zachepa.

Galimoto inakhala kugalaja masabata awiri. Sanaipeze ndi vuto. Makaniko anafotokoza kuti batire likadzadza, magetsi a pamtsetse amasowa kolowera, ndiye kudzigwira kuja kumachepa kapena kuzimiririka, mpaka utayenda ndithu batire n'kutsikako. Kukazizira zimanyanya. Timawu tachikasu tija tinkanena zomwezo. Ndowa yodzadza silandira madzi. Nyumba ya pamwamba pa chitunda, batire lodzadza, m'mawa wozizira, zonse zinakumana tsiku limodzi, ndipo amene tinadzadza ndife, madalaivala awiri akale.

Adona anakwiyira wogulitsa kuti bwanji sanafotokoze. Anakwiyira bambo awo chifukwa cha makani. Ine anandithokoza kuti ndinaimitsa. Anandipatsa jekete latsopano.

Makaniko potiperekeza anati, "Koma mabuleki enieni anali bwinobwino, bambo. Amagwira nthawi zonse, batire lidzadze lisadzadze." Ananena mongocheza.

Jekete lija sindinalivale. Lili pamsomali.

Mundipempherere. Zina ndidzalemba.

Ndine wanu,
Bambo a ana

3 Ogasiti

Amake ana,

Moni. Mwalemba kuti kalata yanga yapita ija inali ndi bowo pakati, ndipo mwafunsa kuti kuchokera pamene Achikulire anakuwa kufika pamene ndinaima, panachitika chiyani. Munakwatiwa ndi ine mukundidziwa.

Ndinatuma phazi lamanja kuti lipite pamabuleki. Ndinkaganiza kuti lapita. Nditayang'ana pansi, linali pakati pa zopondera ziwiri, likuponda kapeti. Silinamve kuti palibe chimene laponda. Galimoto ndinaimitsa ndi phazi lamanzere, limene pa galimoto imeneyi lilibe ntchito. Likanapita lamanja nthawi yoyamba, tikanaima kutali, ndowa zikanakhala chilili.

Lachiwiri ndinapita kuchipatala chaching'ono cha kuno. Ndi shuga. Adokotala anandigoneka, n'kumandigwiragwira kuphazi ndi kachingwe kopyapyala, maso nditatseka. Kumanzere ndinamva malo asanu ndi atatu mwa khumi. Kumanja awiri. Akuti mitsempha yaonongeka, mankhwala angathe kuletsa kuti zisapitirire, koma zimene zapita sizibwerera kawirikawiri. Anafunsa ntchito yanga. Nditawauza, anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

Tsopano ndaona kuti dzanzili linayamba kale, mwina chaka chatha. Pa galimoto ya dizilo ndikanadziwa msanga, chifukwa phazi limayendayenda tsiku lonse. Iyi inandisenzera katundu mwaulemu, pamsewu waukulu kuruzi, m'tauni kudzigwira, mpaka ine mwini osadziwa kuti ndikusenzedwa.

Ndikuyendetsabe. Batire lili pa 80, pamtsetse ikugwira bwino, lamanzere ndimaliika pafupi ndi mabuleki. Achikulire ndinawauza zonse tili pamalo oimika galimoto kuchipatala. Anati ankadziwa kuyambira tsiku la ndodo lija.

"Tseka pakamwa," anatero. "Mlandu wagwera galimoto, ndipo galimoto ilibe ana. Ine ndikhala maso ako, ndizikuuza patali. Iwe phazi limodzi, ine dzanja limodzi, mzukwa uchite zotsalazo. Atatu tonse tikwana dalaivala mmodzi."

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Anati, "Akandibweretsera kamnyamata ka nyimbo m'makutu, ndizilankhula ndi ndani? Mwana wanga amandipatsa moni ngati akudinda chiphaso. Nyumba yako ilibe pulasitala. Dikira chaka chimodzi."

Chaka chimodzi ndi pulasitala, magetsi ndi fizi ya chisamba. Ndawerengera kangapo, zikukwana ndithu.

Koma mayi wa maluwa uja anatembenuza kampando kake. Tsopano amakhala choyang'ana chitunda. M'mawa uliwonse ndikamatsika amasiya zimene akuchita, n'kuimirira, maso ali pa ine mpaka nditaima. Kenako amamwetulira n'kukweza dzanja. Amaganiza kuti akuopa galimoto.

Sindinaganize chochita. Mundiuze maganizo anu, koma musandikalipire pafoni ana akumva.

Ndine wanu,
Bambo a ana

17 Ogasiti

Amake ana,

Moni kwa nonse. Mankhwala ndikumwa, tiyi ndikumwa wopanda shuga, akuwawa ngati ngongole.

Yankho lanu linali lalifupi. Mwati nyumba yopanda pulasitala anthu amagonamo, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinawerenga katatu, kufunafuna pamene mwandikalipira, sindinapapeze.

Lolemba pa 11 ndinapempha kuonana ndi Adona asanapite kuntchito. Anali kukhitchini, akumwa khofi choimirira. Ndinaika makiyi patebulo pamodzi ndi pepala la kuchipatala ndi jekete lija. Ndinawauza kuti galimoto yawo inachita zimene inapangidwira, mabuleki analipo, chimene chinasowa ndi phazi langa.

Anakhala pansi. Anafunsa kuti ndadziwa liti. Ndinati kudziwa kwenikweni ndi tsiku la ngozi, kukayika ndi Meyi. Anawerenga masabata ndi zala, nkhope inasintha.

"Ndiye masiku onsewa mwakhala mukuwanyamula bambo anga?"

"Inde, Adona."

"Iwo akudziwa?"

Ndisanayankhe, ndodo inagogoda pakhomo. Achikulire anali ataima pamenepo ndi zovala zogonera. "Ndimadziwa," anatero. "Ndinamuuza ine kuti akhale chete, chitsiru chimenechi sichimva." Zimene anakambirana bambo ndi mwana wake sindilemba, ine ndinatuluka kukapukuta galimoto. Mawu ankamveka mpaka kugalaja.

Madzulo Adona anandiitana. Anati kuyendetsa ndasiya kuyambira tsiku lomwelo, ndipo pamenepo sindinatsutse. Anati anakwiya, ndipo akadali okwiya, koma akudziwa kuti ndikanatha kukhala chete iwo osadziwa kanthu. Andisunga mpaka pakati pa Seputembala kuti ndiphunzitse dalaivala watsopano njira ndi makhalidwe a bambo awo, ndipo adzandipatsa malipiro a miyezi iwiri pamwamba. Jekete anandibwezera. Anati kwathu kumaziziranso.

Dalaivala watsopano ndi mayi wa zaka ngati makumi atatu, ankayendetsa galimoto yonyamula mankhwala. Dzanja lake ndi lofatsa. Tsiku loyamba anachotsa phazi pamtsetse mwadzidzidzi, chipewa cha Achikulire n'kugwa. Ndinadikira kuti amufunse za pasenjala. Anangotola chipewa n'kuchivala. Chiyambire Lolemba sakundilankhula, akafuna chinthu amauza mayiyo kuti, "Muuzeni munthu ali kumbuyoyo atseke windo."

Ndamuphunzitsa zolandira galimoto asanazimitse kuruzi, zoponda mabuleki enieni kamodzi patsiku kuti phazi lisaiwale njira, ndiponso kuti akadzadza batire adziwe kuti pamtsetse ali yekha. Ndamuuzanso za hutala kawiri.

Pulasitala aiwale kaye a mmisiri. Fizi ya teremu ino ilipo, musamuuze chisamba zoti asiye sukulu.

Ndine wanu,
Bambo a ana

14 Seputembala

Amake ana,

Moni womaliza wa papepala. Ndili bwino, chilonda palibe, mapazi ndimawayang'ana madzulo aliwonse ndi kagalasi monga ananenera adokotala.

Dzulo tinapita kumanda kuja. Batire linali pa 80, tinaima panjira theka la ola, tinamwa tiyi, dziko silinathe. Ine ndinakhala kumbuyo. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti m'mbali mwa msewu muli zinthu zambiri choncho, ndinkangodziwa mizere yoyera ndi matayala a wakutsogolo. Potsika mapiri kamzere kobiriwira sikanazime kwa nthawi yaitali, galimoto inabweza makilomita 19. Ndinanena mokweza osaganiza. Achikulire anayankha osacheuka kuti, "Makumi awiri. Kuwerenga kwa pa minibasi, kubera ndi makina omwe." Amenewo ndiwo anali mawu awo oyamba kwa ine m'mwezi wathunthu.

Kumanda anakana dzanja la dalaivala, anagwira phewa langa. Tinayenda pang'onopang'ono pakati pa mitanda, iwo akukoka mwendo wawo, ine ndikuyang'ana pamene ndikuponda. Maluwa tinagula kwa mayi wa pamphambano. Ndinali nditamuuza kale zoona zake, kuti asamaope galimoto yokha. Anandiyang'ana kumapazi, n'kunena kuti, "Ndiye mukanandipha ndi sayizi 9?" Anawonjezera maluwa awiri osalipiritsa. Kampando sanakatembenuzenso, akuti kuyang'ana chitunda kwamuzolowera.

Lero m'mawa Achikulire anandiitana kuchipinda kwawo, n'kundipatsa ndodo yawo yakale, ya mutu wa mkuwa. Ndinati sindinafike poyendera ndodo. Anati, "Ndani wakuuza kuti ndi yoyendera? Ndi yomenyera ana akamasewera pa simenti yako. Choka, usandichedwetse." Anatembenukira kuwindo, ine ndinatuluka.

Tsopano za pakhonde. Ndinali nditakonza mawu ambiri oti ndikupempheni kuti masitepe aja tiwasiye, a mmisiri apange potsetsereka pang'ono, popanda popunthwa. Ndiye ndalandira kalata yanu yonena kuti munawauza kale zimenezo mu Meyi, tsiku limene munawerenga za kamsomali, ndipo matumba atatu aja anathera pomwepo. Mwati munthu amene wayenda tsiku lonse ndi msomali m'nsapato osamva samumangira masitepe. Miyezi yonseyi ine ndimabisira ndani?

Ndinyamuka Lachiwiri pa 16, ndifika Lachinayi pa 18 chakumasana, basi ikapanda kuchedwa. Ndili ndi chikwama chimodzi, katoni ya ziwiya, ndi ndodo. Mubwere ndi chisamba adzathandize katoni. Mukadzandiona pakhomo la basi musathamange kudzandigwira. Ndimatsika ndekha, kungoti ndimayamba ndayang'ana pansi. Inu mudzangolandira katundu.

Ndine wanu,
Bambo a ana